Khoma la Netiweki

Ku famu, Israeli
14 Epulo 2024

Okondedwa amake Olive,

Choyamba ndimve za moyo wanu ndi wa mwana wathu. Chifuwa chija chinamusiya Olive? Ine kuno ndili bwino, kungoti dzuwa lake si lija la ku Bangwe. La kuno limakuotcha ngati unalilakwira.

Musadabwe kuti ndikulemba papepala n'kujambula ndi foni ngati munthu wachikale. M'chipinda mwathu tadzazamo amuna okhaokha, ndipo ukangoti uimbe foni aliyense amasiya zake n'kutchera khutu. Tsiku lija ndinakuuzani kuti ndakusowani, Nikolasi, mnzanga wa ku Chilomoni amene amagona bedi la pamwamba pa langa, ananditsanzira sabata yonse, mpaka kumunda. Ndi batchala wokalambira pa ubatchala, sadziwa kanthu, tingomukhululukira.

Ntchito yathu ndi yothyola tsabola wamkulu uja wa m'mashopu, m'nyumba zikuluzikulu za pulasitiki. Timayamba kusanache chifukwa masana simukhalika. Zimene mumamva pa wailesi zija musaziike kumtima, ife tili kutali nazo. Nthawi zina kumalira chinthu china chochenjeza za mabomba, ndiye timathamangira m'kanyumba ka simenti, kenako n'kubwerera ku tsabola. Zinazo ndidzafotokoza ndikadzabwera.

Neti yathu yakale ija munandikakamiza kunyamula ndinaimanga tsiku lomwelo. Anzanga anaseka, akuti kuno kulibe malungo. Ndinawayankha kuti mkazi wanga si wopusa. LA wa malungo uja munandikulungira m'sokosi alipo, sindinamukhudze.

Vuto ndi netiweki. Pa famu yonseyi imagwira malo amodzi okha, pa khoma lakale la miyala kuseri kwa khola la mbuzi. Pamenepo ndiye pa ofesi panga madzulo aliwonse tikaweruka. Mukaona uthenga wanga, dziwani kuti mwamuna wanu wakhala pamwala, mbuzi zikumuyang'ana.

Ndalama ndatumiza dzulo. Mulipire fizi ya Olive, yotsalayo mugule simenti ya khoma lakuchipinda lija linagwa ndi namondwe Freddy. Musadikire kuti itsika, kwathuko chinthu chikakwera chakwera. Makina anu osokera muwagulire lamba watsopano, musamangolumikiza ndi waya.

Chithunzi cha kwaya ndachiona, mwatchena. Koma uja waima kumbuyo kwanu, mano onse panja, si Daniel wa zaumoyo, woyenda pa njinga yamoto uja amakweza ana sikelo? Analowa liti kwaya? Ine mawu ake ndimawadziwa, amalira ngati chitseko cha bafa. Ndangofunsa.

Ndine mwamuna wanu,
Maziko


26 Meyi 2024

Amake Olive,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino nonse. Ine ndilipo. Kutentha kwafika poti timatulutsa matiresi panja. Ine ndimamangirira neti yanga ku mtengo wa pafupi ndi khola, n'kugona ngati bwana.

Pali tina take tikundiluma m'miyendo ndi m'mikono. Si udzudzu. Udzudzu ndi waulemu, umayamba waimba kukhutu kuti ndabwera. Iti ndi tintchentche tating'onoting'ono, totuwa ngati mchenga, taubweya, sitilira n'komwe, ndipo sitiuluka mowongoka, timangodumphadumpha m'munsimu. Timatuluka m'ming'alu ya khoma lija dzuwa likamalowa. Umangozindikira pakuyabwa. Koma poti kuno kulibe malungo, tilume, tikhuta tokha.

Tsopano nkhani. Lachitatu ndinakhala pakhoma paja kuyambira poweruka mpaka mdima, foni ikuonetsa kuti muli pa WhatsApp. Uthenga wanga unali ndi timizere tiwiri, koma osasanduka tabuluu. Mumalowa, mumatuluka, mumalowanso. Munkacheza ndi ndani? Ine ndimayang'ana, amake Olive. Madzulo aliwonse ndimayang'ana, ndipo ndikuuzeni zoona, zimandipweteka.

Mlongo wanga Idah akuti njinga yamoto ija yaima pakhomo pathu kangapo mwezi uno. Musamukwiyire, wakutsina khutu ndi mnansi. Mwati Daniel amabweretsa mayunifolomu a ana ake kuti muwasokere. Ana ake ndi angati, sukulu yonse? Matelala atha mu Bangwe? Pamsika paja khonde lililonse lili ndi makina. Munthu woti mkazi anamuthawa azikasoketsa zovala kwa amuna anzake.

Ndikudziwa muti ndayamba. Koma akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Wanga ine ali kutsidya kwa nyanja, ndipo mphepo yake ikuyenda pa njinga yamoto.

Makala mwati thumba lafika pati? Zikavuta muzigula a m'majumbo. Mmisiri asayambe khoma ndisanaone chithunzi cha njerwa, ndimamudziwa, amasakaniza ndi zosapsa. Olive mumuuze kuti nsapato zake ndazipeza, zapinki monga ananenera.

Mwamuna wanu,
Maziko


16 Juni 2024

Okondedwa amake Olive,

Moni kwa inu ndi mwana. Ine moyo wangobwerera kumene, sabata yathayi ndinagwa.

Zinayamba mwadzidzidzi tili m'tsabola. Thupi kutentha, msana ngati ndamenyedwa ndi mpini, ndipo mutu unkapwetekera kuseri kwa maso moti kuwala kulikonse ndinkangotsinzina. Ndinati awa ndi malungo, ndawadziwa kuyambira ndili mwana ku Ntopwa. Ndinamasula sokosi lija n'kumwa LA yense mwa ndondomeko yake, ndi mkaka monga amanenera kuchipatala. Sanaphule kanthu. Kutenthako kunachoka kokha patapita masiku angapo, n'kundisiya ngati thumba lopanda kanthu. Mpaka lero kireti imodzi ya tsabola ndikuinyamula mopumira.

Chikundizunguza mutu n'chakuti, malungo otani opanda udzudzu? Ndimagona m'neti, ndimaipisira bwinobwino pansi pa matiresi monga munandiphunzitsira. Komabe m'mawa ndimapeza tiziphuphu tofiira m'mapazi. Zikulowera pati?

Abwana sindinawauze. Nikolasi anandibisa, anangoti ndatsegula m'mimba. Kuno amati munthu wodwaladwala tikiti yake siichedwa, ndipo khoma lathu lisanathe ine sindingabwerere chimanjamanja kuti anthu a pa Bangwe azindiloza. Inunso musauze aliyense. Ndati aliyense.

Uthenga wanu wa mawu uja ndinaumvetsera kambirimbiri ndili chigonere. Munalira chifukwa chiyani? Sindinafe. Koma kumbuyo kwa mawu anu kunkamveka njinga yamoto. Mwina ndi a kabaza odutsa. Mwina.

Mwamuna wanu,
Maziko


30 Juni 2024

Amake Olive,

Ndamva kuti muli bwino, tithokoze. Ine ndili chomwecho.

Ndinati musauze aliyense. Inu mwanyamula thupi langa, ndi tiziphuphu tanga tomwe, kukaliyala pamaso pa Daniel. Ndiye adokotala a pa njinga yamoto agamula ali ku Bangwe kuti si malungo. Akuti awerenga pa foni pawo kuti kumaiko ouma ngati kuno kuli ntchentche za mumchenga zonyamula mavairasi. Akuti n'zazing'ono moti zimadutsa m'mabowo a neti yathu, makamaka poti mankhwala ake anatha ndi kuchapa. Akuti LA sangazithe, ndipite kuchipatala, ndipo ndisiye kukhala pakhoma madzulo.

Pomalizapo ndi pamene ndaseka. Ndisiye kukhala pakhoma, kuti ndisamaone nthawi imene mukucheza pa foni. Ndi wochenjera mnzanuyo, mumuuze kuti ndamugomera. Chipatala chakecho apite yekha. Ine malangizo a munthu amene akundizungulira pakhomo sinditola.

Idah anakuonani Loweruka ku Limbe, m'sitolo ya nsalu, inu ndi Daniel. Akuti munkasankha nsalu yoyera, yopyapyala, mukuiyang'anitsa kudzuwa mitu yanu itagundana. Nsalu yoyera, Jesinta, ine ndikali moyo. Ndakufunsani, mwangoyankha kuti ndidzaona. Ndidzaona chiyani, khadi la ukwati?

Agogo anga aamuna anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela. Ankati mwala wa mumgodi sugwera munthu chisawawa, umayamba wafunsa za kunyumba kwake. Mwamuna akakhala paulendo, thupi lake amasunga ndi mkazi amene wamusiya. Mkaziyo akayenda njira zina, mwamuna amadwala matenda okana mankhwala. Ndinkaziseka zimenezi, ndinkati ife ndi a tchalitchi. Lero sindikuseka. M'chipinda muno tilimo ambiri, tikudya zimodzi, tikumwa madzi amodzi. Wagwa ndine ndekha. Bwanji ine?

Ndalama ya mwezi uno ndatumiza kwa Idah. Mukafuna kanthu muzikamuuza.

Maziko


14 Julaye 2024

Jesinta,

Moyo wanu sindifunsa, ndikumva kuti mukunenepa. Wanga ndi uwu: zabweranso, ndipo ulendo uno zabwera ndi ukali. Mutu ukuchita ngati wina akukhomamo misomali. Khosi lauma, sindikutha kugunditsa chibwano pachifuwa. Chakudya chikubwerera. Pepala ili ndikulemba diso limodzi lili chitsinzinire.

Matenda a ntchentche amabwerera munthu kawiri? Amasankha wokwatira? Mwandisempha, Jesinta, ndipo thupi langali ndi mboni.

Ndaimbira amalume, nkhoswe yanga. Akumana ndi ankhoswe anu Lamulungu likudzali anthu akaweruka kutchalitchi, panyumba pathu pomwepo. Ndawauza zonse, njinga yamoto, kwaya, nsalu yoyera. Mukayankhe pamaso pawo, ndipo Daniel akaitanidwe. Ndikafera kuno, abale anga adziwe chimene chandidya.

Mauthenga anu atatu a mawu aja sindinawatsegule. Ndatopa ndi misozi.

Olive asamve.

Maziko


25 Ogasiti 2024

Okondedwa amake Olive,

Ndikupempha kumva za moyo wanu ndi wa mwana, kumene muliko. Ine ndili moyo. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa panatsala pang'ono kuti kalata iyi alembe ndi munthu wina.

Kalata ija nditaitumiza, sindikukumbuka kuti ndinachoka bwanji pakhoma. Akuti anandipeza nditagwa pafupi ndi khola, ndikulankhula zosamveka. Ndinatsitsimuka m'chipatala cha m'tauni, madiripi ali m'mikono. Anandipinditsa msana n'kundibaya jakisoni wamkulu pakati pa mafupa kuti atenge madzi okapima. Abwana ndinkawaopa aja ndi amene ananditengera pa galimoto yawo, ndipo anandikalipira chifukwa chobisa, osati chifukwa chodwala.

Adokotala ake ndi mayi wachikulire wosasekerera. Anandifunsa ngati ndimagona panja, ngati pali khola pafupi, ngati pali khoma la ming'alu. Ndinangoti inde, inde, inde, ngati mwana wogwidwa shuga ali m'manja. Anati ndi vairasi ya tintchentche tija. Akuti mavairasi ake alipo a mitundumitundu. Ena amangokugwetsa masiku ochepa ndi kutentha thupi n'kukusiya, koma pali ina imene imakwera mpaka kukatupitsa zokuta ubongo. Imeneyo ndiyo inandipeza ulendo wachiwiriwu. Katemera wake palibe, mankhwala oipha palibenso, amangolithandiza thupi kuti limenye lokha nkhondo. Anthu sapatsirana. Kudziteteza kwake n'kuvala zotalika madzulo, kudzola mankhwala othamangitsa tizilombo, kugona m'nyumba fani ikuzungulira chifukwa timalephera kuuluka pamphepo, ndiponso neti ya mabowo ang'onoang'ono. Ndinafunsa kuti nanga bwanji ine ndekha? Anati ambiri amalumidwa osadwala n'komwe, koma munthu wokhala pakhomo pa tintchentcheto madzulo aliwonse amachita kudzipereka yekha.

Ndikali chigonere, tsiku lina ndinangoona akulowetsa Nikolasi, maso ali psuu, akubuula ndi mutu. Ine nditachoka iye ndiye analanda mwala wanga uja, kumaonerapo mpira pa foni, ndipo atangotentha thupi abwana sanafunenso zochedwa. Yake inali yaing'ono ija, anatuluka msanga. Koma asanatuluke anatembenuka pabedi n'kundifunsa kuti, "Achimwene, inu mwati akusemphani akazi anu. Nanga ine batchala wandisempha ndani, mbuzi?" Anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke.

Khutu lakumanzere silikumva. Akuti mwina lidzatseguka, mwina ayi. Ntchito ndabwerera, andiika kosankha tsabola pamthunzi.

Amalume andiuza za bwalo lija. Linachitika ine ndili pa diripi, kwathuko palibe amene ankadziwa. Ndikanakhala ndi foni m'manja sindikudziwa ngati ndikanaliimitsa, ndisakunamizeni. Akuti munakhala pamphasa, anthu atadzaza mpaka kumpanda, Daniel ataima ngati wakuba pamaso pa azimayi amene amawakwezera ana sikelo. Akuti onse atatha kulankhula munangofunsa kuti, "Bambo a Olive apita kuchipatala?" Kenako munamanga makina anu, munatenga mwana, n'kukwera minibasi ya ku Machinjiri kwa amayi anu. Kwaya akuti munasiya.

Kandimverere anakanena za m'maluwa. Idah ndamuuza mawu, koma amene ndinkamutuma ndine. Ndalama ndabwezera ku nambala yanu. Timizere tikusanduka tabuluu, ndiye ndikudziwa kuti mukuwerenga. Ndikuchita manyazi, ndipo ndikuopa. Yankhani.

Mwamuna wanu,
Maziko


22 Seputembala 2024

Okondedwa amake Olive,

Moni kwa inu, kwa Olive ndi kwa amayi. Ine ndikupezako bwino, mutu umangobwera ndikatopa.

Lachinayi kunafika gulu latsopano lochokera kumudzi. Mmodzi mwa iwo, bambo wa ku Chirimba, anafunsa kuti Maziko ndi uti, n'kundipatsa jumbo yomatidwa ndi tepi. Nditatsegula ndinakhala pansi.

Nsalu yoyera ija, Jesinta. Ndaiona.

Mwaisoka kukhala neti ya ngodya zinayi, yokwana bedi langa ndendende. Tizingwe tomangirira ndi ta riboni yotsala pa diresi la Olive la Khirisimasi, ndaizindikira. M'munsi mwaikamo mpendero wa chitenje kuti isamanyamuke ndi mphepo. Ndinaiyang'anitsa kudzuwa monga munkachitira ku Limbe, ndipo mabowo ake ngakhale nsonga ya singano ikuchita kupempha njira. Msoko wake ndi wanu, wobwereza kawiri, uja mumati wa makasitomala olipira bwino.

Ndinamufunsa bamboyo kuti anakailandira kuti. Ndinkayembekeza kuti anena ku Bangwe, kuti munaipereka kale zinthu zisanaipe. Anati ayi, ku Machinjiri, sabata yathayi, ndipo anadikira pakhonde inu mukumalizitsa mpendero. Ndiye kuti munaisoka mutachoka kale. Munaisoka mutakhala kale pamphasa paja.

Ndinaikutumula, ndinapisa m'ngodya zonse, ndinatembenuza jumbo. Kalata munalibe, ngakhale kapepala ka dzina.

Ndikugonamo. M'katimo mumatentha ngati mu uvuni chifukwa mphepo siilowa bwino, koma m'mawa mapazi amakhala osalala. Nikolasi akufuna kuti mumusokere yake, akuti alipira. Ndamuuza kuti telala wake ndi wovuta kumupeza masiku ano.

Kwa Daniel ndalemba, ndipo amalume akaperekanso nkhuku pamaso pa anthu omwe aja. Ndinalemba movutika. Mpaka pano ndikaganiza kuti nsaluyi munasankha naye mitu itagundana, mtima umandiwawa. Ndi mmene ndilili, koma pakamwa ndatseka.

Khoma la kunyumba mmisiri wamaliza, ndaona chithunzi. Chipinda chili bwino, kungoti pawindo palibe katani, ndipo pakona pamene pankakhala makina pangotsala madontho a oyilo pa simenti. Sindikukuuzani kuti mubwerere, pakamwa panga pataya ulemu woti n'kunena zimenezo. Amalume abwera kwa amayi anu Loweruka, adzalankhula ndi iwo.

Pakhoma la netiweki ndimapitabe, koma masana dzuwa lili paliwombo, tintchentche titabisala, nditavala buluku lalitali ndi masokosi. Sindiyang'ananso ngati muli pa WhatsApp. Ndimangotsegula mauthenga atatu aja ndinakana kuwamvera. Onse mukunena chinthu chimodzi, kuti ndipite kuchipatala, ndipo wachitatuwo mawu anu akuthera m'kulira. Ndiwo mawu anu omaliza amene ndili nawo.

Nditumizireni ena, amake Olive. Ngakhale munditukwane, ngakhale mungoti Olive wadya. Mulankhule mokweza pang'ono. Foni ndiziika kukhutu lakumanja, ndi limene latsala.

Ndine mwamuna wanu, ngati mukulolabe,
Maziko